Mbiri ya Sitesheni ya Chiromo

Awerengi athu acikulire, makamaka iwo a ku cigwa ca Shire, adzakumbukira masiku amene munthu wofuna kucoka ku Limbe kunka ku Nsanje sanali kufunsa za galimoto ai. Anali kugula tikiti yace, nakwera sitima ya pamtunda, natsika nayo mapiri a Thyolo motsata mtsinje wa Ruo. Ndipo pamene mphepo yozizira inatha, nayamba kuoneka migwalangwa ndi mabango, anali kudziwa kuti wayandikira pa Chiromo, pamene njanji iolokera Shire. Ana athu a m'sukulu dzina limeneli alimva m'nyengo ya dzinja yokha, pomveka mbiri ya madzi osefukira. Kuti pamalopo panali sitesheni, ndi kuti zaka zina Chiromo anali khomo lolowera m'dziko lonse lino, ambiri a iwo sanauzidwe. Cifukwa cace tafuna kulongosola pano ciyambi ca sitesheni imeneyi ndi kutha kwace, pakuti tiyesa kuti woidziwa bwino mbiriyi adzazindikira amene njanji ya m'dziko lino inamangidwira.

Poyamba tiyenera kudziwa maonekedwe a malowo, popeza mbiri yonseyi yagona pa madzi. Chiromo ali pa mathiriro a Ruo, pamene mtsinjewu ukomana ndi Shire. Ife m'dzinalo timamvamo mau akuti mlomo, ndipo munthu woona nthaka ija yosongoka pakati pa mitsinje iwiri sadzadabwa nalo. Koma mitsinje iwiriyi isiyana makhalidwe. Shire acokera ku Nyanja, napita pa Malombe ndi pa Liwonde, nagwa m'mathithi kuyambira pa Kholombidzo kufikira pa Kapichira. Ndipo atafika ku Chikwawa ayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba, namwazika m'dambo lalikuru la Dabanyi, limene Azungu analicha Elephant Marsh cifukwa ca njobvu zimene David Livingstone anaziona m'menemo, ngati 800. Ruo ndi wina. Iye acokera pa phiri la Mulanje, kumene mvula igwa yambiri koposa, ndipo ulendo wace ngwaufupi ndi wotsetsereka. Mvula yaikuru ikagwa pa phiripo, posacedwa Ruo afika pa Chiromo ali wofiira ndi matope, atasenza mitengo ndi mcenga. Ndipo nthawi zina mphamvu yace ikankha madzi a Shire ndi kuwabweza m'dambo. Pamalo otere ndi pamene anthu anamanga doko, ndi pambuyo pace sitesheni.

Ena mwa Azungu oyamba kulemba za malowa ndiwo a ulendo wa Livingstone, amene anakwera Shire ndi sitima yace Ma Robert m'caka ca 1859. Patapita zaka zitatu, pa 31 Januwale 1862, Bishopu Charles Mackenzie wa ku Magomero anamwalira ndi malungo pa cisumbu ca pa mathiriro a Ruo, kumene anadza kudzakomana ndi Livingstone, bwato lace litagubuduka panjira ndi mankhwala ace atamira. Anamuika m'mbali mwa Shire pafupi pomwepo. Livingstone anasiya m'cigwamo Amagololo ena amene anadza nao kucokera ku Zambezi wa kumtunda, ndipo iwo, pokhala ndi mfuti, anasanduka mafumu pakati pa Amang'anja. Dera la kufupi ndi Ruo linali m'manja mwa Chipatula, kufikira anaphedwa ndi Mzungu wamalonda George Fenwick m'caka ca 1884.

Koma cimene cinakweza dzina la Chiromo ndiwo mkangano wa Angerezi ndi Apwitikizi. M'caka ca 1889 Serpa Pinto anakwera Shire ndi gulu la asilikari, kuti aike dziko la kumtunda pansi pa mbendera ya kwao. Ndipo John Buchanan, amene anagwirizira udindo wa kazembe wa Angerezi, analengeza kuti dziko la Amagololo ndi mapiri a kumpoto kwa Ruo ziri m'citetezo ca Mfumukazi Victoria. M'mwezi wa Novembala anthu a mfumu Mlauli anamenyana ndi asilikari a Apwitikizi, nagonja, ambiri nafa. Ndipo Apwitikizi anaoloka Ruo nakhala pa Chiromo. Mu Januwale 1890 Boma la ku London linatumiza mau aukali ku Lisbon kuti asilikariwo abwerere, nabwereradi. Ndipo pangano la 1891 linaika Ruo akhale malire. Tsono taonani cimene cinaturuka m'panganolo. Kumunsi kwa mathiriro a Ruo, tsidya la kum'mawa la Shire linakhala la Apwitikizi, la kumadzulo lokha ndilo la Angerezi. Cotero kwa munthu wokwera ndi mtsinje, malo oyamba pamene magombe onse awiri anali a Angerezi ndi pa Chiromo. Eni nthaka sanafunsidwe kanthu pa kugawana kumeneku.

Kuyambira pamenepo Chiromo anakula msanga. Sitima zazikuru za pa nyanja ya mcere zinali kutula katundu pa Chinde, pa mathiriro ena a Zambezi, pamene Angerezi anabwereka kadera kwa Apwitikizi. Pamenepo katunduyo anali kulowa m'sitima zazing'ono zotentha nkhuni, zokhala ndi gudumu lopalasa madzi kumbuyo kwace ndi ngalawa za citsulo zomangidwa m'mbali, ndipo zinali kukwera Zambezi ndi Shire masiku angapo. Kampani ya African Lakes, imene ife tiidziwa ndi dzina lakuti Mandala, inali ndi sitima zace. Eugene Sharrer analinso ndi zace. Harry Johnston, woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Angerezi, analowera pa Chiromo m'caka ca 1891, ndipo caka comweco panatsegulidwa positi ofesi. Panali nyumba ya msonkho wa katundu wolowa ndi woturuka, nyumba zosungiramo katundu, ndi masitolo a Amwenye. Makalata, nsaru, makasu, mabuku a m'sukulu zoyamba za ku mapiri, zonsezi zinali kupita pamenepa. Dzinali linafika ngakhale kutali. Pakuti Ewart Grogan, amene anachuka ndi ulendo wace wocokera ku Cape kufikira ku Cairo, anapita pano, ndipo atakhazikika ku Nairobi anacha malo ace a pakati pa timitsinje tiwiri Chiromo. Mpaka lero dera lina la mzinda umenewo, ndi gawo lina la Yunivesite ya Nairobi, zichedwa ndi dzina la mudzi wa m'boma la Nsanje, cinkana okhala kumeneko ambiri saudziwa mudziwo.

Katundu atatsika m'sitima, pa Chiromo kapena pa Katunga kufupi ndi Chikwawa m'miyezi imene madzi analola, panalibe cina comunyamula koma mitu ya anthu. Awa ndiwo amtengatenga aja, amene makolo athu anali kusimba za iwo. Munthu mmodzi anali kusenza mtolo wolemera mapaundi 50 kapena 60, nakwera nao zitunda zonse kufikira ku Blantyre, ndipo Azungu eni ace anali kuwanyamula m'macila. M'zaka za m'ma 1890, pamene minda ya khofi inacuruka ku mapiri, amuna zikwi zambiri anali pa mseu caka ndi caka. Tisaganize kuti eni mindawo anafuna njanji cifukwa ca cifundo pa amtengatenga iai. Dandaulo lao linali lakuti anthu amene akadalima m'minda yao anali kuthera pa mseu, ndi kuti katundu anali kukhalitsa pa doko posowa omusenza. Njanji anaifuna kuti imasule manja a anthu ku mitolo ndi kuwabweza ku makasu a m'minda ya Azungu, ndi kuti zokolola za mindayo zifike ku Ulaya msanga. Ici ticisunge m'mtima, pakuti tidzakomana naconso patsogolo.

Sharrer ndiye anatsogolera poyambitsa kampani ya Shire Highlands Railway m'caka ca 1895, koma ndalama zinabvuta, ndipo nchito sinayambe kufikira caka ca 1903. Boma linalonjeza kampaniyo nthaka maekala 3,200 pa mailosi iri yonse ya njanji, ndiwo maekala 361,600 onse pamodzi. Pambuyo pace linaombola lonjezolo polipira £180,800 m'malo mwa nthakayo. Cikadapanda kutero, midzi yambiri ya m'mbali mwa njanji ikadagwa m'thangata, kuonjeza pa imene inagwamo kale. Maganizo oyamba anali akuti njanji iyambire pa Chiromo ndi kutha pa Blantyre, sitima za pamadzi zipitirire kugwira nchito yao ya kumunsi. Mwa njira imeneyi Chiromo akadakhala mutu wa njanji, pamene madzi ndi citsulo zikomana, ndipo akadakula kukhala mzinda. Koma m'zaka zomwezo Shire anayamba kuphwa. Sitima zosenza zitsulo zolemera za njanjiyo zinali kukhala pa mcenga zisanafike pa Chiromo, miyezi yambiri ya caka. Ndipo omanga anakakamizidwa kuyala njanji yina imene sanaiganize, yocokera pa Port Herald, ndiye Nsanje wa lero, mailosi ngati 30 kumunsi, tsidya la kumadzulo. Gawo limeneli linatsegulidwa m'caka ca 1904. Popeza njanji tsopano inali tsidya lina la mtsinje, kunafunikanso mlatho pa Chiromo, ndipo anaumanga wokhala ndi gawo lotseguka kuti sitima za pamadzi zipite. Cotero sitesheni ya Chiromo inabadwa ulemu wace utatengedwa kale ndi wina.

Kucokera pamenepo njanji inakwera motsata Ruo ndi Tuchila, kudzera pa Sankhulani, Thekerani, Sandama ndi Luchenza, kufikira ku Limbe, kukwera mapazi oposa 3,000. Zitsulo zace zinatalikirana mapazi 3 ndi theka, monga njanji za ku South Africa ndi ku Rhodesia. Nthaka yonse inakumbidwa ndi makasu ndi kutengedwa m'madengu. M'masiku amenewo msonkho wa nyumba unali masheleni 6, koma wogwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi anali kulipira masheleni 3 okha. Ndipo lamulo limeneli linakankhira amuna ambiri ku nchito zotere. Sitima yoyamba inafika ku Blantyre pa 31 Marichi 1908, itayenda mailosi 113 kucokera pa Port Herald. Injini ziwiri zazing'ono za masiku oyambawo, Thistle ndi Shamrock, zinasungidwa kuti zikhale cikumbutso, yina pa sitesheni ya Limbe, yina pa nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri.

Madzi sanaleke kuthawa. Gwero la bvutoli linali ku Nyanja, imene inali kutsika caka ndi caka, kufikira m'caka ca 1915 mcenga ndi zomera zinatseka Shire wa kumtunda, madzi a Nyanja naleka kuturuka pafupifupi zaka 20. Doko la Port Herald linalephera monga linalepherera la Chiromo, ndipo njanji inayamba kulondola madzi kumunsi. Pofika caka ca 1915 kampani ya Central Africa Railway inali itaifikitsa pa Chindio, m'mbali mwa Zambezi m'dziko la Apwitikizi, mailosi 61 kucokera pa Port Herald. M'caka ca 1922 njanji ya Trans-Zambezia yocokera pa Dondo, kufupi ndi Beira, inafika pa Murraça, tsidya lina la Zambezi, ndipo anthu ndi katundu anali kuoloka pa sitima ya pamadzi. Potsiriza, mu Januwale 1935, unatsegulidwa mlatho waukuru wa pakati pa Sena ndi Dona Ana, wa utali woposa mailosi 2, ndipo caka comweco njanji ya kumpoto inafika ku Salima. Kuyambira pamenepo ngolo yodzazidwa ku Limbe inali kufika ku Beira osatsitsa katundu panjira. Koma mtengo wace unali waukuru. Boma la Nyasaland linasenzetsedwa ngongole za njanji zimene mbali yao yaikuru inali m'dziko la eni, ndipo mtengo wonyamulira katundu unakwera kotero kuti mbeu zochipa monga cimanga sizinathe kupindula pa njanji. Wolemba mbiri Leroy Vail, m'caka ca 1975, anaonetsa kuti ngongole zimenezi zinadya ndalama zimene zikadatukula dziko. Ndipo ife amene tidziwa kucepa kwa sukulu ndi zipatala za Boma m'zaka zimenezo sitipeza cifukwa comtsutsa.

M'kusintha konseku Chiromo anatsika, nakhala sitesheni ya panjira, pamene sitima iima kanthawi ndi kupitirira. Koma apa ndi pamene tifuna kucedwapo pang'ono, pakuti pamene sitesheniyi inacepa m'maso mwa amalonda akuru, ndi pamene inakula m'moyo wa anthu wamba. Alimi a m'cigwa anali kulima thonje, ndipo linali kuturuka pa njanji. Ndalama ya thonje ndiyo inalipira msonkho ndi kugula nsaru m'midzi yambiri ya Amang'anja ndi Asena. Tsiku la sitima linali tsiku la msika. Ku mapiri kunali kutsika nthoci, nanazi ndi cinangwa. Kucigwa kunali kukwera milamba ndi makakana zouma, mbatata za m'madimba, mbuzi ndi nkhuku. Anthu a ku Thekerani ndi a ku Chiromo, amene nthaka yao ndi nyengo yao zisiyana ngati maiko awiri, anali kudyetsana mwa njira imeneyi, ndipo mkazi wamasiye wokhala ndi dengu limodzi la nsomba anali kupeza pogulitsa. Pa sitesheni yomweyi anapita anyamata onka ku nchito ku Salisbury ndi ku migodi ya kumwera, amene anali kusintha sitima pa Dondo. Ena anabwera ndi masutikesi ndi njinga, ena anakhala machona. M'masiku a atsamunda oyang'anira masitesheni ambiri anali Amwenye, ndipo anthu akuda anali kukwera m'ngolo za mabenchi a matabwa, Azungu m'ngolo zao za pa okha. Njanji sinamangidwire anthu a m'midzi, koma iwo anaipezera nchito yao, monga mbalame imanga cisa pa denga la nyumba ya mwini.

Akuru anati madzi saiwala khwawa. M'zaka zimene Shire anali wocepa, dambo la Dabanyi linauma mbali yaikuru, ndipo anthu analowamo nalima cimanga ndi thonje pa nthaka ya conde. Koma Nyanja inayambanso kukwera, ndipo ca m'ma 1935 inaboola mcenga uja. Zisanathe zaka za m'ma 1930 madzi anabwerera m'dambo, minda namira, mabanja ambiri nasamukira ku mphala. Pamodzi ndi madziwo zinadza zisumbu zoyandama za udzu ndi mabango, zozuka m'dambo ndi kutsika ndi mtsinje. M'caka ca 1948 zisumbu zotere zinaunjikana pa mizati ya mlatho wa Chiromo, madzi nakankha kumbuyo kwace, mlatho nugwa. Dziko lonse linadukidwa msana tsiku limenelo, pakuti panalibe njanji yina yoturukira kunyanja ya mcere. Katundu anayamba kuoloka pa ngalawa, kutsitsidwa tsidya lino ndi kukwezedwanso tsidya lija, monga m'masiku a makolo. Ndipo caka cotsatira, 1949, kunagwa cilala ndi njala yaikuru ija, pamene dziko linafuna cakudya cocokera kunja. Boma ndi kampani ya Nyasaland Railways sanazengereze. Mlatho watsopano wolimba unamangidwa msanga, ndipo pambuyo pace unali kunyamula sitima ndi magalimoto omwe. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi fodya wa ku Limbe sizikadatha kudikira.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, njanji inachedwa Malawi Railways, ndipo injini za dizilo zinalowa m'malo mwa zamoto. M'caka ca 1970 inatsegulidwa njanji yaciwiri, yocokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde ndi Nayuchi kunka ku doko la Nacala; kuyambira pamenepo Chiromo sanalinso khomo lokhalo. Komabe katundu wambiri anapitirira kudzera ku Beira kufikira nkhondo ya pa ciweniweni ya ku Mozambique inakula. Asilikari a RENAMO anali kuononga njanji ya Sena kawirikawiri, ndipo m'caka ca 1983 sitima zinaleka kufika ku Beira. Njanji ya Nacala inatsekeka caka cotsatira, ndipo m'caka ca 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Katundu wa dziko lino anayamba kuyenda pa malole ulendo wautali wa ku Durban ndi ku Dar es Salaam, pa mtengo woopsya. M'malo mwa ngolo za katundu, m'cigwa munalowa anthu othawa nkhondo, amene m'dziko lonse anaposa 1,000,000, ndipo m'boma la Nsanje anacuruka koposa eni mudzi. Sitima ya anthu inapitirira kutsika kucokera ku Limbe, kupita pa Chiromo ndi Bangula kunka ku Nsanje. Koma tsopano njanji ya kumwera inali nthambi yothera m'chire, yonyamula anthu osauka ndi madengu ao.

Mtendere unabwerera ku Mozambique m'caka ca 1992, koma njanji ya Sena inakhala yopasuka zaka zambiri. Iri ciimire cotero, m'dzinja la 1997 madzi anasefukira m'cigwa. Pakati pa Bangula ndi mlatho wa Chiromo njanji ndi mseu zinali kuyenda pamwamba pa mtumbira wautali wa dothi, umene omanga anauunjika modutsa dambo. Ndipo mtumbira wotere, madzi akacuruka, usanduka khoma lowachinga. Caka cimeneco madzi anaung'amba, nadzitsegulira njira yatsopano yotakata, mlatho nutsala ciriri wosalumikiza kanthu. Panalibe cikalata colengeza kuti sitesheni ya Chiromo yatsekedwa. Kunangoti sitima yocokera ku Limbe inayamba kubwerera pa Makhanga, pang'ono kumtunda kwace, ndipo udzu unamera pa zitsulo zotsalazo, kuyambira pamenepo kufikira ku malire.

Pano tifuna kuti awerengi alinganize zaka ziwirizi, 1948 ndi 1997. Mtsinje ndi womwewo, malo ndi omwewo, ndipo tsoka ndi lofanana. M'caka coyambaco cibvulazo cinapola msanga, cifukwa cuma conse ca dziko cinali kupita pa mlathowo. M'caka caciwirico panalibe tiyi kapena fodya wodikira kuoloka, pakuti kutsogolo njira ya ku Beira inali yakufa kale. Odikira anali anthu a m'midzi okha, ndipo matikiti ao sakadalipira mtengo wa mlatho. M'caka ca 1999 Boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo mphamvu zonse zinalunjika ku Nacala, kumene kunali katundu. Kuti nzeru ndi ndalama zomangira njanji sizinasowe m'maiko ano, cioneka pa ici: malasha a ku Moatize atafuna njira, mlatho wa Dona Ana unakonzedwa kuti unyamulenso sitima m'caka ca 2009, njanji ya Sena niyambanso kuyenda, ndipo pakati pa 2011 ndi 2017 inamangidwa njanji yatsopano yodutsa m'mapiri a Mwanza ndi Neno kufikira pa Nkaya. Sitinena kuti amalonda analakwa posamala malonda ao. Tinena kuti njanji imeneyi, kuyambira masiku a Sharrer, inali kutsata katundu woturuka kunja, ndipo anthu a m'mbali mwace anali kukwera nao pokhapo pamene njira yao ndi ya katunduyo zinali imodzi.

Mtolo wa kuduka kumeneku unagwera anthu a tsidya la kum'mawa, a ku Makhanga, ku Muona ndi ku Mlolo. Boma lao liri ku Nsanje, tsidya lina. Msika waukuru uli pa Bangula, tsidya lina. Ndipo a tsidya la kumadzulo ofuna cipatala ca Trinity ku Muona anapeza bvuto lomwelo. Wofuna kuyenda pa galimoto anayenera kuzungulira kumpoto kukaolokera pa mlatho wa ku Chikwawa, ulendo wa tsiku m'malo mwa ulendo wa ora limodzi. Otsala onse anabwerera ku mabwato, pa malo ochedwa Mtayamoyo. Ndipo dzinalo silifuna womasulira. Pamenepo anthu aoloka ndi njinga, matumba a cimanga, mbuzi, ngakhale odwala ndi akazi apakati, m'madzi okhala ndi ng'ona ndi mvuu, nalipira mwini bwato popita ndi pobwera. Zidzukulu za amtengatenga zinayambanso kusenza katundu pamutu kucokera ku gombe kufikira ku mseu.

Ngakhale sitima ya ku Makhanga sinakhalitse. Mu Januwale 2015 mvula yoopsya inagwa m'cigawo ca kumwera, Ruo nasiya khwawa lace pafupi ndi Makhanga, nadzera m'midzi ndi m'minda, nakokolola njanji m'malo ambiri. Anthu ambiri anafa, ena anapulumuka pa mitengo ndi pa madenga, ndipo sitima inaleka kutsikira m'cigwa. Madzi anabweranso ndi mvula ya namondwe Idai m'caka ca 2019, ndi Ana m'caka ca 2022, ndi Freddy m'caka ca 2023, ndipo mcenga wocokera ku mapiri ometedwa mitengo unakwirira zambiri zimene zinatsala. Ku mbali ya kumwera, a ku Mozambique anakonza njanji yao kucokera pa Dona Ana kufikira ku malire, ndipo m'caka ca 2022 Boma la Malawi linayamba nchito yomanganso gawo la pakati pa Marka ndi Bangula, makilomita 72. Mu Seputembala 2024 sitima yonyamula mafuta kucokera ku Beira inafika pa Marka, anthu naicingamira ndi nyimbo. Gawo limenelo lithera pa Bangula, tsidya la kumadzulo. Chiromo ali patsogolo pace, kuseri kwa madzi a Mtayamoyo, ndipo pofika caka cimeneco zinali zitapita zaka 27 sitima isanaolokenso Shire.